Zimene zimalepheletsa azimai kutenga pakati

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organisation linalengeza mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa anthu akulu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabeleka pa nthawi ina ya moyo wake. Madokotala amati banja lili ndi vutoli ngati papita miyezi 12 mwamuna ndi mkazi akukhala malo amodzi kawilikawili, osagwilitsa nchito njila iliyonse ya cilezi, koma mimba osaoneka.

Kuno ku Africa, azimai ambili amalephela kutenga pakati cifukwa ca kutsekeka kwa macubu. Awa ndi timipaipi tiwili m'mene dzila la mkazi limapita ku cibalilo, ndipo m'menemo ndi mmene limakumana ndi umuna. Matenda opatsilana pogonana, makamaka cinzonono ndi chlamydia, akakhalitsa osacilitsidwa amakwela mpaka m'macubu ndi kusiya zipsela zimene zimatseka njila. Coipa ca chlamydia n'cakuti azimai ambili samva kuwawa kulikonse, motelo amadzadziwa zaka zitapita.

Macubu amaonongekanso ngati mai anacotsa mimba ndi zitsamba kapena timitengo, ngakhalenso ngati tizilombo tinalowa m'cibalilo pa nthawi yobeleka. N'cifukwa cake pali azimai amene anabeleka mwana woyamba bwinobwino, koma waciwili osabwela. M'madela a m'mbali mwa mitsinje, madambo ndi nyanja ya Kariba mulinso likodzo. Mazila a nyongolotsi zake amatha kukhazikika m'ziwalo zobelekela za mkazi, ndipo nthendayi imasokonezedwa ndi matenda opatsilana pogonana. Mankhwala ake ndi praziquantel.

Kwa ena macubu ali bwino, koma dzila silikhwima mwezi ndi mwezi. Cizindikilo cake ndi msambo wodumphadumpha kapena wolekelatu. Nthenda ya PCOS, imene nthawi zina imameletsa ndevu ndi ziphuphu, kunenepa kapena kuonda kopitilila, matenda a cithokomilo, zonsezi zingacititse zimenezi. Zotupa za m'cibalilo, zimene ndi zofala pakati pa azimai akuda, nazonso nthawi zina zimalepheletsa mimba kukhazikika. Zaka nazo zimawelengedwa: mphamvu ya kubeleka imatsika msanga mkazi akapitilila zaka 35.

Mapilitsi ndi nyeleti za cilezi sizitseka mimba kwamuyaya monga mmene ena amakambila. Amene analeka nyeleti ya miyezi itatu angayembekeze miyezi ingapo, mwina mpaka caka, kuti thupi libwelele mwakale.

Mkazi wosakwana zaka 35 apite kucipatala caka cikatha. Wa zaka 35 kapena kuposa asapitilize miyezi 6, ndipo wopitilila zaka 40 apite mosazengeleza. Palibenso cifukwa coyembekezela ngati msambo wasokonezeka, ukuwawa kwambili, mawele akutulutsa mkaka pamene mai sakuyamwitsa, kapena ngati wapita padela kawili kapena kuposa. Zaka zimene mabanja ena amathela kwa ang'anga ndizo zomwe mankhwala akanathandiza kwambili, ndipo zitsamba zoika kumalisece zikhoza kuwonjezela zilonda.

Mwamuna ayenela kupita nawo. Ngakhale kuti acibale amafulumila kuloza cala mkazi, m'mabanja ambili vuto limapezeka kwa mwamuna kapena kwa onse awili, ndipo kupima umuna ndi kosavuta kuposa kupima macubu.

Poyambila ndi pa kiliniki yapafupi, pamene amapima matenda opatsilana pogonana ndi kulemba kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu monga Women and Newborn Hospital ku UTH mu Lusaka, Ndola Teaching Hospital kapena Chipata Central Hospital. Dokotala angapemphe kupima magazi, kuunika m'mimba ndi sikani, ndiponso X-ray yochedwa HSG imene imaonetsa ngati macubu ali otseguka. Mai anyamule pepala limene walembapo masiku a msambo wake a miyezi itatu yapitayo, pamodzi ndi makhadi akale a kucipatala.