Jeffrey Gordon ndi Zolemba Zake za Tizilombo ta m'Matumbo

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tikamba za dokotala wina wa ku America, dzina lake Jeffrey Gordon, amene wathera zaka pafupifupi 30 akufufuza tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'matumbo mwathu. Tiona zimene iye ndi anzake analemba, ndiponso mmene akatswiri ena anazilandirira. Koma tisanafike kwa iye, tiyambe tamvetsa mwambo wina wa anthu a sayansi.

Pabwalo la milandu, mboni ikanena cinthu cimene sinacione ndi maso ake, mfumu imafunsa kuti, "Nanga zimenezi unazimva kwa yani?" Asayansi nawonso amafunsana cimodzimodzi. Munthu akatsiriza kufufuza kanthu, amalemba nkhani yofotokoza zimene anacita ndi zimene anapeza, naitumiza ku magazini ya sayansi. Akatswiri anzake amayamba aisanthula, ndipo akaibvomereza isindikizidwa. Kumapeto kwa nkhaniyo wolemba ayenera kuchula nkhani zonse za anthu ena zimene anatengamo nzeru. M'caka ca 1955, Eugene Garfield wa ku America anapereka ganizo lakuti kuchulana kumeneku kuziwerengedwa, ndipo mu 1964 kampani yake ya mu mzinda wa Philadelphia inayamba kugulitsa mabuku akuluakulu osonyeza kuti nkhani yakutiyakuti yachulidwa ndi yani, ndiponso kangati. Lero nchito imeneyi imacitika pa kompyuta. Mayunivesite ambiri amayang'ana ciwerengero cimeneci polemba munthu nchito kapena pom'kweza udindo, motero si cinthu camasewera kwa amene nchito yawo ndi kufufuza.

Kufufuza tizilombo ta m'matumbo sikunayambe ndi Gordon. Mu 1885, dokotala wa ana wa ku Germany, Theodor Escherich, anafotokoza za bakiteriya wina amene anam'peza m'cimbudzi ca makanda. Bakiteriyayo anam'patsa dzina la dokotalayo pambuyo pake, ndipo "E" wa m'dzina lakuti E. coli amaimira Escherich. Kenaka kunabwera Élie Metchnikoff, amene anali kugwira nchito ku Paris. M'buku lake la mu 1907 anaphunzitsa kuti tizilombo toipa ta m'matumbo ndito timafulumiza ukalamba, ndi kuti mkaka wosasa, wonga cambiko kapena mabisi, ungatigonjetse. Anthu a ku Ulaya anathamangira mkaka wosasa, koma umboni wake unali wocepa. Mwini wakeyo anali kumwa mkakawo masiku onse, ndipo anamwalira mu 1916 ali ndi zaka 71. Pambuyo pake nkhaniyi inazilala kwa zaka zambiri. Cifukwa cacikulu cinali cakuti tizilombo tambiri ta m'matumbo timafa tikakhudzana ndi mpweya umene ife timapuma, cotero kunali kobvuta kutiweta m'mbale za ofufuza kuti atiphunzire.

Gordon anabadwa mu 1947, ndipo anayamba kuphunzitsa pa Washington University mu mzinda wa St. Louis mu 1981. Poyamba anali kufufuza mmene khungu la mkati mwa matumbo limakulira. Cimene cinam'thandiza kwambiri pa nchito yake ndi mbewa za mtundu wapadera. Izi si mbewa zimene anyamata amakumba m'minda citatha kukolola ai. Ndi mbewa zobadwira ndi kukulira m'mahema a pulasitiki otsekedwa bwino, mmene mpweya, madzi ndi cakudya zimayeretsedwa zisanalowe, kotero kuti m'thupi mwa mbewazo mulibe kacilombo ngakhale kamodzi. Wofufuza angathe kuzipatsa tizilombo timene iye wasankha, naona cimene cisinthe.

Mu 1996 gulu la Gordon linalemba m'magazini ya Science kuti mtundu umodzi wa bakiteriya, ukaikidwa mu mbewa zoterezi, umacititsa maselo a m'matumbo kupanga mtundu wina wa shuga umene bakiteriyayo amadya. Mu 2004 anasonyeza kuti mbewa zopanda tizilombo zikapatsidwa tizilombo ta mbewa wamba, mafuta a m'thupi mwake amaonjezeka ndi magawo 60 pa 100 m'masiku 14 okha, ngakhale kuti zimadya mocepa kusiyana ndi kale. Tizilomboto timathandiza kugaya zakudya zimene thupi palokha likanangozitaya.

Nkhani imene inam'chukitsa kopambana inatuluka m'magazini ya Nature mu Disembala 2006. Anatenga tizilombo ta mbewa zonenepa kwambiri ndi ta mbewa zoonda, natipatsa magulu awiri a mbewa zopanda tizilombo. Patapita milungu iwiri, mafuta a gulu loyamba anali ataonjezeka ndi magawo 47 pa 100, pamene a gulu laciwiri anaonjezeka ndi magawo 27 okha. Nkhani imeneyi yachulidwa m'nkhani zina zoposa 10,000. Kuti mumvetse kukula kwa ciwerengero cimeneci, dziwani kuti nkhani zambiri za sayansi sizifika ngakhale pa 100, ndipo zina sizichulidwa ndi wina aliyense. Mu 2015 kampani ya Thomson Reuters, imene pa nthawiyo inali kusunga mndandanda uja woyambitsidwa ndi Garfield, inaika Gordon pakati pa anthu amene inaganiza kuti angalandire mphoto ya Nobel. Mu 2018 bungwe la Royal Society la ku London linam'patsa mendulo ya Copley, imene kalelo inapatsidwa kwa Charles Darwin ndi Louis Pasteur.

Apa ndiyenera kukonza cinthu cimodzi. Tikamati "nkhani za Gordon" sitikutanthauza kuti anazilemba yekha. Pa nkhani zotere pamakhala maina ambiri. Dzina loyamba kawirikawiri limakhala la wophunzira amene anagwira nchito yaikulu ndi manja ake, ndipo la mkulu wa gulu limakhala kumapeto. Pa nkhani ya mu 2006 dzina loyamba ndi la Peter Turnbaugh, ndipo pa ya mu 2004 ndi la Fredrik Bäckhed wa ku Sweden. Onsewa pambuyo pake anakayambitsa magulu awoawo.

Nanga n'cifukwa ciani nkhani ya mu 2006 inachulidwa kambiri cotere? Inali nchito yabwino, inde, komanso inafika pa nthawi yake. Makina owerengera DNA anali atayamba kuchipa, ndipo ofufuza anatha kudziwa mitundu ya tizilombo m'cimbudzi popanda kutiweta. Ciwerengero ca anthu ofufuza za m'matumbo cinakwera mofulumira, ndipo aliyense wa iwo polemba anafunika kuchula amene anatsogola. Ndiponso kunenepa mopitirira muyezo ndi bvuto lalikulu m'maiko olemera, kumene kuli ofufuza ambiri ndi ndalama zambiri zofufuzira.

Tsono kuchulidwa kambiri sikutsimikiza kuti zonse zolembedwazo n'zoona. Pali citsanzo cimene ndimakonda kuuza aphunzitsi. Kwa zaka zoposa 40 asayansi anali kulemba kuti mabakiteriya a m'thupi mwa munthu ndi oculuka kakhumi kuposa maselo a munthuyo. Ngakhale gulu la Gordon linalemba zimenezi mu 2007. Mu 2016 ofufuza atatu, Ron Sender, Shai Fuchs ndi Ron Milo, analondola mapazi a ciwerengeroco kuti aone kumene cinacokera. Anapeza kuti ambiri anacitenga m'nkhani ya Dwayne Savage ya mu 1977, ndipo iye anacitenga kwa Thomas Luckey, amene mu 1972 anangoyerekeza mwacisawawa. Atawerenga mosamala anapeza kuti mwamuna wolemera makilogalamu 70 ali ndi mabakiteriya pafupifupi mabiliyoni 38,000 ndi maselo ake pafupifupi mabiliyoni 30,000, ndiye kuti ziwerengero ziwirizi n'zoyandikana. Mboni zinali zambirimbiri, koma zonse zinamva kwa munthu mmodzi.

Caka comweco ca 2016, Marc Sze ndi Patrick Schloss a ku Michigan anasanthulanso kafukufuku khumi wa anthu onenepa ndi oonda. Gulu la Gordon linali litanena mu 2006, litayeza anthu onenepa 12, kuti mitundu iwiri ikuluikulu ya mabakiteriya imaculuka mosiyana mwa anthu onenepa. Sze ndi Schloss anapeza kuti pa anthu ambiri kusiyana kwa tizilombo ta onenepa ndi oonda n'kocepa kwambiri. Zimene zinaoneka bwino pa mbewa za m'mahema sizinaoneke bwino cotero pa anthu, amene amadya zosiyanasiyana ndi kukhala mosiyanasiyana.

Tiyeni tsopano tibwere kufupi ndi kwathu, pakuti gawo lina la nchito ya Gordon linacitikira kwa anansi athu ku Malawi. Funso lake linali lakuti: ngati tizilombo tingathandize kunenepetsa, kodi sitingakhudzenso kunyenchera kwa ana? Madokotala anali atadabwa kwa nthawi yaitali ndi matenda otupikana, amene m'cipatala amawacha kwashiorkor. Mwana amatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi limafiira, khungu limasupuka. Koma pa khomo limodzi, ana odyera m'mbale imodzi, wina amadwala wina osadwala.

Mogwirizana ndi dokotala wa ana Mark Manary, amene anagwira nchito ku Malawi zaka zambiri, ofufuzawo anatsatira mapasa a m'mabanja 317 a m'midzi ya kum'mwera kwa dzikolo, m'zaka zawo zitatu zoyambirira. Anasankha mapasa cifukwa amayamwa bere limodzi ndi kudya phala la mumphika umodzi. Pa mabanja 100 alionse, pafupifupi theka ana onse awiri anakula bwino, m'mabanja 7 onse awiri ananyenchera, koma m'mabanja 43 mmodzi ananyenchera mnzake ali bwino. Mwana mmodzi akapezeka ndi matenda, onse awiri anali kupatsidwa ciponde ca kucipatala, copangidwa ndi nshawa, mkaka waufa, mafuta ndi shuga. Ofufuza anaona kuti tizilombo ta ana otupikana tinali tosakhwima, ngati ta mwana wamng'ono kuposa msinkhu wawo. Akamadya ciponde tinali kusintha n'kuyamba kukhala bwino, koma ciponde cikatha tinali kubwerera m'mbuyo.

Kenaka anatenga cimbudzi coumitsidwa m'cisanu ca mapasa a m'mabanja atatu, napita naco ku St. Louis, naika tizilombo take mu mbewa zija za m'mahema. Mbewazo anazidyetsa cakudya conga ca m'midzi imeneyo, cimene mbali yaikulu inali ufa wa cimanga. Pa mabanja awiri mwa atatuwo, mbewa zimene zinalandira tizilombo ta mwana wodwala zinaonda kwambiri, pamene zolandira ta mwana wabwino sizinaonde cotero. Panafunika zinthu ziwiri pamodzi kuti mbewa iwonde: cakudya cosakwanira ndi tizilombo tosokonezeka. Asanamizidwe wina kuti njala ilibe mlandu. Cakudya cokwanira ndico coyamba, ndipo kafukufukuyu sanatsutse zimenezo.

Nkhaniyi inatuluka mu Science mu 2013. Dzina loyamba ndi la Michelle Smith, ndipo pakati pa olemba pali Rajhab Mkakosya, amene pa nthawiyo anali pa sukulu ya madokotala ya College of Medicine ku Blantyre. Yachulidwa kambiri ndithu, koma mocepa kwambiri tikaiyerekeza ndi ya mbewa zonenepa ija. Ine ndimaona kuti kusiyanaku kukutiuza za kumene ofufuza aculuka ndi zimene zimawadetsa nkhawa, osati za kulemera kwa nkhani ziwirizo. Ndiponso mndandanda wa Garfield sudziwa kuwerenga amai amene anayenda mitunda, wina kumsana wina m'manja, mwezi ndi mwezi, kupita nawo ana kokawayeza.

Nchitoyo inapitirira ku Bangladesh, mogwirizana ndi Tahmeed Ahmed wa pa malo ofufuzira matenda otsekula m'mimba mu mzinda wa Dhaka. Mu 2014 anafotokoza njira yoyezera kukhwima kwa tizilombo ta mwana malinga ndi msinkhu wake. Atatero anayamba kuyesa zakudya za kumeneko cimodzicimodzi, pa mbewa ndi pa ana a nkhumba, kuti apeze zimene zimadyetsa tizilombo tofunikira pa kukula. Anatsala ndi zinai: ufa wa chana, ufa wa soya, nshawa ndi nthoci zaziwisi. Mu 2021 magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine inasindikiza zotsatira zake. Ana 123 a miyezi 12 mpaka 18, onyenchera pang'ono, a m'dera losauka la Mirpur, anagawidwa pawiri. Ena anapatsidwa cakudya catsopanoco kawiri pa tsiku kwa miyezi itatu, ena cakudya cimene cinali kuperekedwa kale. Ana a cakudya catsopano anaonjezera thupi mofulumirapo, ngakhale kuti cakudya cawo cinali ndi mphamvu yocepa kusiyana ndi cinzake. Kusiyanako sikunali kwakukulu, ndipo ana 123 ndi ocepa, motero ofufuzawo ananena okha kuti pafunika kuyesanso pa ana ambiri ndi m'maiko ena.