Mizere ya Agogo ku Misuku

Munthu akamachokera ku Karonga kulowera ku Chitipa, asanafike paboma amapeza mphambano pa Kapoka. Msewu wopatukira kudzanja lamanja ndiwo wa kwathu ku Misuku. Umakwera mokhotakhota mpaka kumapiri kumene kuli nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa, ndipo kukacha bwino, ukaima pamtunda umaona dziko la Tanzania kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Kumeneko n'kumene ndinabadwira. Ndine Msukwa, Chichewa ndinachiphunzira m'kalasi, choncho mawu a abale anga amene muwamve muno ndachita kuwatembenuza.

Chaka chatha mng'ono wanga anandiimbira foni ndili kuntchito ku Lilongwe. "Achimwene, tumizani ndalama pafoni. Ndikufuna ndizule khofi wakale uja wa bambo, ndibzale wamakono." Ndinamuuza kuti ndimuyankha. Sabata yonse ndinagona ndi nkhaniyi, pakuti munda umene ankanenawo uli ndi mbiri yotalika kuposa ife tonse awiri.

Khofi analowa m'dziko muno kudzera ku mishoni ya Blantyre mu 1878, ndipo kwa nthawi yaitali anali mbewu ya azungu a m'maesiteti a kumwera. Kwathu anazika mizu m'zaka za m'ma 1930, koma sanabwere yekha. Chakumapeto kwa zaka zomwezo boma la atsamunda, poona mmene mvula inkakokololera nthaka m'mapiri mwathu, linayambitsa ndondomeko yoteteza nthaka ku Misuku motsogozedwa ndi Major Smalley. Anthu anauzidwa kuti aziunga mizere yopingasa phiri, asamadule mitengo m'mphepete mwa mitsinje, ndiponso aleke kutentha tchire pofuna kufesa mawere.

Tinene chilungamo, nzeru zimenezi zinali zabwino. Aliyense amene anaonapo mvula ya ku Misuku akudziwa kuti munda wopanda mizere umathera mumtsinje. Koma nkhondo yachiwiri itatha, makamaka nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene anaona ndi maso ake njala ya 1949, uphungu unasanduka chikakamizo m'dziko lonse. Wosaunga mizere ankalipira chindapusa, ena ankalowa nazo m'ndende. Mawu akuti malimidwe, omwe ndi mawu osalakwa, anasanduka dzina la nkhanza. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa mu 1953, anthu anamanga zonsezi mtolo umodzi: mzere, msonkho ndi mzungu wa ku Salisbury.

Agogo anga aamuna anali mlimi wakhama, ndipo mizere yawo inali yosiririka. Komabe tsiku lina anaitanidwa kubwalo chifukwa mzere umodzi unapatuka pachingwe cha kapitawo wa malimidwe. Pamalopo panali thanthwe, khasu silikanalowa. Kapitawoyo thanthwelo analiona, koma buku lake linalibe malo olembapo thanthwe. Agogo anagulitsa mbuzi kuti alipire mlandu.

Kenaka chinafika chaka cha 1959. Dr Banda anali atabwera mu July chaka cha 1958, ndipo kwathu moto wa Nyasaland African Congress ankaukoleza ndi Flax Musopole, mwana wa ku Misuku komweko amene anakhalapo ku South Africa. Mu February anthu analanda bwalo la ndege la ku Fort Hill, lomwe ndi dzina lakale la Chitipa. Pa 3 March boma linalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, atsogoleri ambiri anamangidwa, ndipo asilikali anakwera mapiri athu kusaka Musopole. Anamugwira patapita miyezi, ku Tanganyika.

M'masiku amenewo agogo anatenga khasu dzuwa likuswa mtengo, nagumula mizere ya m'munda mwawo anthu akuona. Mvula inali isanathe. Nthaka yakuda imene anaisamala zaka zambiri inatsetsereka kupita kudambo, mizu ya khofi n'kutsala pamtunda. Dzinja lotsatira, popanda kapitawo kapena chingwe, anaiunganso mizere yonse, ndipo pathanthwe paja anaukhotetsa mzere monga momwe anachitira poyamba. Ndili mnyamata ndinawafunsa chifukwa chake anadzipweteka okha chotero. Anaseka. "Mdzukulu wanga, mzere sunandilakwire ine. Ndinkagumula dzanja limene linandigwira pakhosi."

Ufulu utabwera, dzanjalo linangosintha khungu. Makopaletivi amene alimi a khofi anali nawo m'nthawi ya atsamunda anathetsedwa, ndipo m'zaka za m'ma 1970 mbewuyi inaikidwa m'manja mwa bungwe la boma la Smallholder Coffee Authority. Ntchito ya mlimi inali kuthyola ndi kukapereka. Mtengo unkachokera kwina. Pofika m'ma 1990 bungweli linali litamira m'ngongole, ndipo minda yambiri inalowa tchire. Mu 1999 linalowedwa m'malo ndi Smallholder Coffee Farmers Trust, ndipo mu 2007 kunabadwa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, mgwirizano wa makopaletivi a alimi eni ake, kuphatikizapo ya Misuku. Zinatitengera zaka pafupifupi makumi anayi kubwerera pamene tinali.

M'nyengo ya kusinthaku ndi mmene khofi wa mtundu wa Catimor anafalikira kwathu. Ndi wamfupi, amabereka msanga ndiponso mochuluka, ndipo sagwidwa wamba ndi matenda aja amene amachititsa masamba kuoneka ngati achita dzimbiri. Chodabwitsa n'chakuti mtunduwu anayamba kuupanga akatswiri a ku Portugal mu 1959, chaka chomwe agogo ankagumula mizere. Bambo anga anaukana. Anakakamira Geisha wawo, khofi wamtali wobereka pang'ono amene kwawo kwenikweni ndi ku Ethiopia. Anzawo ankawanena kuti ndi munthu wachikale. Ine, nditadzawerenga kuti Geisha wolimidwa ku Panama anagwedeza msika wa khofi mu 2004 ndipo kuchokera pamenepo wakhala akugulidwa pamitengo yododometsa, ndinayamba kuwaona ngati mneneri. Zoona zake n'zakuti za Panama iwo sankazidziwa n'komwe. Ankangodana ndi kuuzidwa chochita.

Ngakhale msewu unabwera ndi ndale. Wa Karonga kupita ku Chitipa unalonjezedwa pachisankho chilichonse, mpaka unasanduka nthabwala. Kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika linasiya ubale ndi Taiwan n'kugwirana chanza ndi China, ndipo ndi ndalama za China phula linafika ku Chitipa pofika chaka cha 2013. Mgwirizano wa anthu a masuti unafupikitsa ulendo wa thumba la khofi. Koma phulalo linangodutsa pa Kapoka, osakhota.

Tsono nditakhala pansi kuti ndiyankhe mng'ono wanga, ndinalemba uthenga pafoni: ndalama nditumiza, koma Geisha wa bambo asakhudzidwe. Ndinauwerenga kawiri ndisanautumize, ndipo manyazi anandigwira. Zaka zoposa khumi ndi zisanu ndakhala m'boma ndikulemba makalata ouza anthu amene sindinawaonepo mmene ayenera kuchitira zinthu, ndipo m'makalata mwangamo namonso mulibe malo olembapo thanthwe. Kutumiza ndalama pafoni, komwe kunayamba m'dziko muno cha m'ma 2012, kwatithandiza kwambiri ife a m'tauni. Kale ndinkachita kupatsira munthu wapabasi envulopu n'kumapemphera. Koma kwatipatsanso chingwe cha kapitawo. Munthu uli pampando wofewa ku Lilongwe, nsapato zopanda matope, ukulamula munda umene sunaupalire chitsirizire sukulu. Uthenga uja ndinaufufuta, n'kupempha tchuthi.

Ndinafika kumudzi mu June, nthawi yothyola. Mng'ono wanga ananditengera kumunda osanena zambiri. Mitengo ya bambo inali itakalamba, nthambi zina zouma, ina itabooledwa ndi mbozi kutsinde. Nditayamba kufotokoza za Panama anandidula. "Achimwene, mtengo wa ku Panama umenewo ine ndinaulandirapo liti? Ana anga awiri ali kusekondale. Fizi sadikira mbiri." Madzulo ake amayi, akusenda nthochi pakhonde, anangoti, "Mwanangu, iwe uli ndi malipiro a pamwezi. Mnzakoyu malipiro ake ndi mundawo. Musiye."

Ndalama ndinatumiza ndili pomwepo, iye ali pambali panga, foni yake n'kulira m'thumba. Sindinaikepo mawu ena alionse.

Mu January anandituma zithunzi. Mbande za Catimor zinali zitaima m'mizere kuyambira kudambo kukwera phiri. Kumtunda kwenikweni anasiya mizere iwiri ya Geisha, ataidulira bwinobwino kuti iphukenso. Nditamufunsa anati mitengo imeneyo inali idakali ndi mphamvu, ndipo kuizula kukanakhala kutaya ndalama. Pachithunzi chomaliza panali mzere uja wa pathanthwe, ataukweza ndi dothi latsopano, uli chikhotere.