Nkhandwe za pa Phiri la Inari

Kum'mwera kwa mzinda wa Kyoto ku Japan, m'tsinde mwa phiri lotalika mamita 233, kuli kachisi wa Chishinto wotchedwa Fushimi Inari. Alendo ambiri akaona ziboliboli za nkhandwe pakhomo pake amayesa kuti nyamayi ndiyo imapembedzedwa. Ansembe a pamalopo amakana. Iwo amati wopembedzedwa ndi Inari, mulungu wa mpunga, ndipo nkhandwe ndi amithenga ake chabe.

Kachisiyu anakhazikitsidwa mu 711 ndi fuko la Hata. Nthano yakale imati Irogu, mkulu wa fukoli, atalemera ndi mpunga anayamba matama, mpaka anatenga mkate wa mpunga n'kumaulasa ndi muvi. Mkatewo unasanduka mbalame yoyera, inauluka n'kukatera pamwamba pa phiri, ndipo pomwe inaterapo panamera mpunga. Nthanoyi ikudzudzula mwano woseweretsa chakudya, ndipo nkhandwe mulibemo n'komwe.

Nanga inalowamo bwanji? Alimi ankaiona ikutsika m'mapiri nyengo yodzala, ikusaka mbewa zoononga mbewu, kenaka n'kubwerera akakolola. M'pomveka kuti nyama yotere anaipatsa ulemu. N'chifukwa chake ziboliboli zina zaluma kiyi wa nkhokwe, zina ngala za mpunga. Koma anthu omwewo ankaiopanso. Ankati nkhandwe imatha kusanduka mkazi wokongola n'kusocheretsa wapaulendo, kapena kulowa m'thupi la munthu n'kumupengetsa misala. Poisangalatsa, mpaka lero amaiikira nsembe ya tofu wokazinga, chakudya chopangidwa ndi soya chomwe amati imachikonda kwambiri.

Nyumba za kachisiyu zinapsa mu 1468 pa nkhondo ya Onin, ndipo nyumba yaikulu yomwe ilipo lero inamangidwa mu 1499. Mu 1589 Toyotomi Hideyoshi, wolamulira wamphamvu wa nthawiyo, anamangitsa chipata chachikulu, akuti pothokoza kuti amayi ake achira.

Kusintha kwenikweni kunadza m'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, pamene mpunga unali muyeso wa chuma ndi msonkho. Amalonda anamutenga Inari kukhala mwini mwayi wa malonda, n'kuyamba kupereka zipata zamatabwa zofiira pothokoza kapena popempha. Lero paphiripo pali zipata pafupifupi 10,000, chilichonse chili ndi dzina la wopereka ndi tsiku lake kumbuyo kwa mizati, ndipo ambiri mwa mayinawo ndi a makampani.