Kulembetsa mabanki ku America ndi ntchito ya nthumwi zolandira zikalata

Pa nambala 1209 North Orange Street mumzinda wa Wilmington, m'chigawo cha Delaware ku America, pali nyumba yaifupi yosaoneka mochititsa kaso. M'chaka cha 2012 nyuzipepala ya The New York Times inalemba kuti makampani osachepera 285,000 ankagwiritsa ntchito keyala ya nyumbayi. Makampaniwa sachitira malonda pamalopo. Nyumbayi ndi ofesi ya Corporation Trust Company, imodzi mwa nthumwi zomwe pa Chingerezi zimatchedwa registered agent, ndipo ntchito yake ndi kulandira zikalata m'malo mwa makampani ena, kuphatikizapo makampani omwe ndi eni ake a mabanki.

Kulembetsa kampani

Ku America makampani amalembetsedwa ndi maboma a zigawo 50 za dzikolo, osati boma lalikulu la ku Washington. Kampani ili ndi ufulu wolembetsa m'chigawo chilichonse, ngakhale likulu lake lili kwina. Ambiri amasankha Delaware, chigawo cha anthu pafupifupi 1 miliyoni chomwe chili ndi makampani olembetsedwa ochuluka kuposa anthu ake. Chimawakopa ndi lamulo la makampani lomwe linayamba m'chaka cha 1899, komanso bwalo la Court of Chancery, lokhazikitsidwa mu 1792, komwe milandu ya makampani imagamulidwa ndi oweruza odziwa bwino nkhani za malonda.

Kampani yolembetsedwa m'chigawo chimodzi ikafuna kutsekula ofesi m'chigawo china, imayenera kulembetsanso kumeneko ngati kampani yochokera kunja kwa chigawocho, ndi kusankha nthumwi yokhala komweko.

Chiphaso cha banki

Chikalata cholembetsera kampani sichipereka chilolezo cholandira ndalama zosungitsa za anthu. Banki imafunika chiphaso chapadera, ndipo njira zochipezera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya boma lalikulu, kudzera ku ofesi ya Comptroller of the Currency yomwe inakhazikitsidwa mu 1863. Mabanki otere amakhala ndi mawu akuti National kapena zilembo za N.A. m'dzina lawo, ndipo amakhazikitsidwa potsatira malamulo a boma lalikulu. Yachiwiri ndi ya chigawo, kudzera ku nthambi yoyang'anira mabanki m'chigawocho. Pafupifupi mabanki onse a mitundu iwiriyi amalowa mu inshuwalansi ya bungwe la FDIC, lokhazikitsidwa mu 1933, lomwe limateteza ndalama za wosungitsa aliyense kufika pa madola 250,000 m'banki iliyonse.

Banki yaikulu nthawi zambiri imakhala pansi pa kampani ina yomwe ndi mwini wake, ndipo kampaniyo imayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve. N'chifukwa chake dzina limodzi limapezeka m'malo atatu. Kampani ya Citigroup inalembetsedwa ku Delaware, likulu lake lili ku New York, koma ofesi yaikulu ya banki yake, Citibank N.A., pamalamulo ili ku Sioux Falls m'chigawo cha South Dakota. Momwemonso JPMorgan Chase & Co. ndi ya ku Delaware, pomwe banki yake ili ndi ofesi yaikulu ku Columbus, Ohio.

Kusamukasamuka kumeneku kuli ndi gwero lake. Mu 1978, pa mlandu wa Marquette, bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti banki ya chiphaso cha boma lalikulu ingathe kulipiritsa makasitomala ake kulikonse chiwongoladzanja chololedwa m'chigawo cha kwawo kwa bankiyo. South Dakota inachotsa malire a chiwongoladzanja, ndipo Citibank inasamutsira kumeneko ntchito za makadi a ngongole mu 1981. Chaka chomwecho Delaware inakhazikitsa lamulo lofananako, lomwe linakokera mabanki ambiri a makadi ku Wilmington.

Ntchito ya nthumwi

Lamulo la Delaware limanena kuti kampani iliyonse ikhale ndi ofesi yolembetsedwa komanso nthumwi m'chigawocho. Nthumwi ingakhale munthu kapena kampani, koma iyenera kukhala ndi malo enieni ofikirika pa nthawi ya ntchito. Bokosi la ku positi ofesi palokha silikwanira. Nthumwiyo imalandira zisamani ndi zikalata zina za kukhoti, makalata a msonkho ndi zidziwitso za boma, n'kuzitumiza kwa eni ake.

Ntchitoyi imaoneka yopepuka, koma kuinyalanyaza kumadzetsa mavuto aakulu. Chisamani chikaperekedwa kwa nthumwi, lamulo limaona ngati kampani yachilandira. M'makhoti a boma lalikulu wosumiridwa amakhala ndi masiku 21 oti ayankhe, ndipo akalephera khoti lingagamule mlandu iye kulibe. Mabanki amalandira zikalata zotere zochuluka kwambiri, monga zolamula kuti atseke akaunti ya munthu wa ngongole kapena apereke mbiri ya akaunti kwa ofufuza. Ku Delaware nthumwi ikatula pansi udindo, kampani imapatsidwa masiku 30 oti isankhe ina, apo ayi imafafanizidwa m'kaundula.

Nthumwi siyang'anira ndalama za kampani, siitsimikiza kuti malonda ake ndi achilungamo, ndiponso siikhala ndi udindo pa ngongole zake.

Nkhawa ya eni ake obisika

Delaware siifunsa maina a eni ake enieni polembetsa kampani, ndipo izi zapereka mpata kwa anthu ofuna kubisa chuma. Viktor Bout, mzika ya ku Russia yomwe lipoti la bungwe la United Nations la mu 2000 linaitchula pa nkhani yogulitsa zida kwa gulu la UNITA ku Angola, anagwiritsapo ntchito makeyala a ku Delaware. Khoti la ku New York linamulamula kukhala m'ndende zaka 25 mu 2012.

Mu Januwale 2021 nyumba ya malamulo ya ku America inakhazikitsa lamulo la Corporate Transparency Act, lolamula makampani kuulula eni ake ku nthambi ya FinCEN. Lamuloli linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2024, koma mu Malichi 2025 nthambiyo inachotsa udindowu pa makampani okhazikitsidwa mu America momwemo, n'kuusiya pa makampani akunja okha.

Tanthauzo lake kuno

Kusiyana kwa kulembetsa kampani ndi kupeza chiphaso cha banki kuliponso m'maiko a kuno kum'mwera kwa Africa. Ku Zambia makampani amalembetsa ku PACRA koma chiphaso chimachokera ku Bank of Zambia. Ku South Africa amalembetsa ku CIPC, chiphaso n'kuchokera ku Prudential Authority. Ku Malawi mabanki amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo ku Mozambique ndi Banco de Moçambique.

Choncho wamalonda kapena wosungitsa ndalama akaonetsedwa chikalata cha ku Delaware ndi keyala ya ku Wilmington, adziwe kuti waona umboni wakuti kampaniyo ilipo pamapepala basi. Lamulo la Delaware lomwe limaletsa makampani osakhala pansi pa oyang'anira mabanki kugwiritsa ntchito mawu akuti bank m'dzina lawo mosocheretsa anthu. Wofuna kutsimikiza afufuze dzina la bankiyo m'kaundula wa FDIC wotchedwa BankFind, yemwe amapezeka mwaulere pa intaneti, asanatumize ndalama iliyonse.