Msewu wa M5, njira ya m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi

Msewu wa M5, umene ambiri amangouti msewu wa kunyanja, ndi msewu wa tala wotsata gombe la kumadzulo la Nyanja ya Malawi. Umapatuka pa M1 cha ku Balaka, n'kudutsa Golomoti, Mua, Chipoka, Salima, Nkhotakota, Dwangwa, Chintheche ndi Nkhata Bay, kenako n'kukwera zitunda kukathera mumzinda wa Mzuzu. Nyanja imene umaiperekezayi ndi yotalika makilomita pafupifupi 580, ndipo chakumpoto kwake kuya kwake kumapitirira mamita 700. Anthu a ku Lilongwe amaupeza msewuwu podzera M14, msewu wa ku Salima, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 100.

Ulendo umayamba mosiyana malinga ndi kumene munthu amakhala. Wa ku Area 25 kapena ku Mgona ali ndi mwayi, poti mphambano ya ku Salima ili chapafupi ndi Kanengo. Wa ku Chinsapo, Kawale kapena Area 23 amalawira m'mamawa kuti adutse mumzinda galimoto zisanathithikane, apo ayi amakakwera minibasi kudepoti n'kudikira kuti idzaze. Eni galimoto ambiri amayamba adzera kwa amakanika a ku Biwi dzulo lake kukaonetsa mabuleki ndi matayala, ndipo amachita bwino, chifukwa kutsogoloku kuli chitsetso chachitali.

Chitsetsocho chimaonekera bwino munthu akadutsa Chezi ndi Mvera m'boma la Dowa. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pomwe Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Msewu umakhotakhota pakati pa zitunda, makutu amatseka pang'ono, mphepo yolowa pawindo imayamba kufunda, ndipo mitengo ya malambe imayamba kuoneka apa ndi apo. Ku Mvera n'kumene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, anamanga siteshoni yawo yoyamba mu 1889, chiyambi cha Sinodi ya Nkhoma.

Kwa anthu ambiri a m'makomboni a mu Lilongwe, mawu akuti "kunyanja" amatanthauza Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa Salima boma. Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, komanso pa Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi Pasaka, minibasi ndi makosita ahayala amatsetserekera kumeneko atanyamula magulu a amayi a banki m'khonde, makwaya, ana asukulu ndi mabanja. Anthu amasonkherana ya mafuta, amanyamula mpunga ndi nkhuku zophikaphika, ena mbaula ndi makala. Ku Senga Bay kuli hotela ya Sunbird Livingstonia, kumene kwachitikira kangapo chikondwerero cha Sand Music Festival chomwe anayambitsa malemu Lucius Banda. Chapafupi pakuonekera kachilumba ka Namalenje, ndipo anyamata a mabwato a injini amatengerako alendo akagwirizana mtengo. M'mbali mwa msewu amagulitsa ziboliboli, mikeka, madengu ndi mipando yoluka.

Koma Senga Bay ndi khonde chabe. Amene amathera pomwepa n'kubwerera tsiku lomwelo waona mchenga ndi mafunde, koma M5 weniweni sanamuyende. Mphambano yake ili pa Kaphatenga, munthu asanalowe m'tauni ya Salima, ndipo kuchoka apo kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita opitirira pang'ono 100.

Mlendo ayenera kudziwiratu chinthu chimodzi kuti asakhumudwe: pa mtunda wautali wa chigawo chimenechi nyanja sioneka n'komwe. Msewu umadutsa m'minda ya chinangwa, m'madambo a mpunga ndi m'midzi ya mitengo ya mango, pamene madzi abisala makilomita angapo kum'mawa. Wofuna gombe amapatukira m'tinjira ta fumbi totsikira kumadoko a asodzi, ndipo n'kumeneko kumene ulendowu umakoma. Pa doko m'mawa pamakhala piringupiringu. Mabwato amene anachezera usiku ndi nyali akukocheza, amuna akukoka chilimira, amayi akuyanika usipa pa thandala, ogula ochokera ku Lilongwe akutsutsana mtengo wa ndowa. Usipa umene umagulitsidwa pa timilu mumsika wa Kawale kapena wa Chinsapo umayambira ulendo wake pamalo ngati amenewa.

Patsogolo pa gombe la Salima pali chilumba cha Mbenji, chomwe chili ndi mbiri yoyenera kuidziwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka usodzi pachilumbachi nyengo ya dzinja, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Mowa ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo. Akatswiri a za usodzi amachitchula kawirikawiri ngati chitsanzo cha mmene lamulo la mfumu ndi anthu ake lingatetezere utaka popanda kudikira boma.

Madzi amabwera pafupi ndi tala pa Chia, pamene mlatho umadutsa pa khwawa lolumikiza thamanda lalikulu la Chia ndi nyanja. Apa pali msika wa nsomba, ndipo galimoto ikangoima ogulitsa amaizungulira atakweza chambo, kampango ndi mlamba m'mwamba. "Za lero izi, bwana, taonani makha ake!" Wodziwa kugula amayang'anadi makha ndi maso a nsomba asanatulutse ndalama.

Nkhotakota ndi malo ofunika kugonapo, osati kungodutsa. M'zaka za m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika pano n'kuyambitsa ufumu wa a Jumbe, ndipo doko lino linasanduka msika waukulu wa minyanga ndi akapolo. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankawaolotsa nyanja pa zombo za matanga, kenako n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, m'mphepete mwa nyanja ya Indian. David Livingstone, amene anafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859, anakumana ndi Jumbe pano mu 1863 pofuna kumunyengerera kuti asiye malondawo, koma sizinatheke nthawi imeneyo. Mtengo umene anthu amati anakumaniranapo uli m'dera la mishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's. M'tchalitchi cha All Saints chapomwepo muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanjayi mu 1895 ngalawa yake itagubuduzika ndi namondwe. Tauni yomweyi ndi imene inalandira msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress mu 1960, pamene Dr Hastings Kamuzu Banda anasankhidwa kukhala mtsogoleri wamuyaya wa chipanicho. Mwana wa sukulu wa ku Area 23 amene anangoloweza zinthu izi pokonzekera mayeso amazimva mwa njira ina akaimirira pansi pa mtengowo, uku akumva kuitana kwa mzikiti, chifukwa Chisilamu chimene chinabwera ndi a Jumbe chidakali champhamvu m'tauniyi.

Kumadzulo kwa tauniyi kuli nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800. Njovu zake zinali zitatsala pang'ono kutha ndi opha nyama mozemba, mpaka bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno pa malole kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Mtsinje wa Bua, umene umayambira ku Mchinji, umadutsa m'nkhalangomu usanadutse pansi pa M5, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene mpasa umakwerabe kukaikira mazira.

Ku Dwangwa maso amangoona nzimbe mbali zonse, minda ya fakitale ya shuga ya Illovo ndi ya alimi ang'onoang'ono. Mathirakitala odzaza nzimbe amayenda pang'onopang'ono, ndipo njinga za kabaza zimachuluka.

Kupitirira apo dziko limasintha. Mapiri a Viphya amayandikira, mvula imachuluka, nkhalango imabiriwira ngakhale m'chilimwe, ndipo moni amasanduka "Mwe uli?" wa Chitonga. Nsima ya kuno ndi kondowole, ya ufa wa chinangwa, yonanda, imene imayenda bwino ndi usipa wofutsa kapena batala wowotcha. Magombe a Kande ndi Chintheche ali ndi mchenga woyera mbee ndi madzi oonekera mpaka pansi, ndipo ambiri amene ayenda msewu wonsewu amati kukongola kwake kumathera pano. Ku Chintheche n'kumene kunayambira chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars. Ku Bandawe kuli tchalitchi chakale cha njerwa ndi manda a amishoni a Livingstonia, amene anasamukira pano mu 1881 pothawa malungo ku Cape Maclear. Malungo anawapezanso pompano, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anakakhazikitsa mishoni pamwamba pa phiri ku Khondowe. Msewu ukamayandikira Nkhata Bay umalowa mu mthunzi wa mitengo ya rabala ya ku Vizara, pamene anyamata amagulitsa mipira yopangidwa ndi utomoni wa mitengoyo.

Wofuna kulowera kummwera kuchokera pa Salima amadutsa doko la Chipoka n'kufika ku Mua, mishoni ya Akatolika ya mu 1902, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. Nyumba yake yosungiramo zakale ili ndi zigoba zambirimbiri za Gule Wamkulu. Pa Golomoti munthu akhoza kulowera ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, mu Lake Malawi National Park imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, kapena kukwera msewu wa Khwekhwerere kubwerera ku Lilongwe kudzera ku Dedza.

Nyengo imalamula zambiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo ya kummwera imene imautsa mafunde aakulu, ndipo asodzi akati lero sitilowa, mlendo asaumirire kukwera bwato. Seputembala ndi Okutobala madzi amadekha koma dzuwa limaswa mtengo. M'dzinja mitsinje yotsika m'mapiri imasefukira: kumayambiriro kwa 2024 madzi anadula msewu cha ku Dwangwa, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kumiza mchenga ndi nyumba zina za alendo. M'malo ena tala ndi wopapatiza, wodyeka m'mbali, wa milatho yodutsa galimoto imodzi, choncho kuyenda usiku si nzeru. Pa matsiriro a mitsinje ndi m'mabango mumakhala ng'ona ndi mvuu, m'madzi odikha muli nkhono za likodzo, ndipo neti ya udzudzu ndi yofunika usiku uliwonse.

Ku Nkhata Bay, makilomita osakwana 50 kuchokera ku Mzuzu, nyumba zakwera m'zitunda zozungulira doko. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland n'kuyamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951, imakocheza pano pa ulendo wake wa pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, ndipo tsiku limenelo matumba a ufa, malata, njinga ndi mabokosi a sopo zimadzaza pa doko kudikira kupita ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe. Kutali pamadzi nthawi zina kumaoneka chinthu chonga utsi wa moto wolusa: ndi nkhungu, tizilombo touluka timene anthu a kuno amakola ndi madengu n'kuumba zitumbuwa za ndiwo. Ochokera ku Lilongwe amatembenukira pano, ena kudzera ku Mzuzu ndi Kasungu pa M1, ena kubwerera njira yomweyo kuti akaimenso pa Chia, amangirire chambo pa galasi la m'mbali mwa galimoto kuti mphepo izichiwomba mpaka kukafika ku Kanengo.