Dzina la Dziko Lathu pa Intaneti

Ife a ku Chiradzulu timanyadira John Chilembwe, amene mu 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni. Iye ankadziwa kuti mtundu wosowa polankhulira umaweruzidwa uli chete. N'chifukwa chake ndikufuna kutchula munthu wina amene anatitsegulira polankhulira, Dr Paulos Nyirenda.

A Nyirenda ankaphunzitsa fizikisi ku Chancellor College ku Zomba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anatsogolera ntchito yobweretsa imelo ya Fidonet payunivesiteyo. Makalata ankaunjikana m'kompyuta imodzi, ndipo ikakwana nthawi yake kompyutayo inkaimba telefoni kunja, n'kutumiza mtokoma wonse ndi kulandira wina. Uthenga umene papositi unkayenda milungu unayamba kufika msanga.

Kenaka anatsogolera bungwe la Malawi SDNP ku Blantyre, lomwe linakhazikitsidwa ndi thandizo la UNDP. Pamenepo panali mlandu wina: chizindikiro cha dziko lathu pa intaneti, .mw, chinali m'manja mwa munthu wakunja. Mu 2002 bungwe la IANA linachipereka ku SDNP, dzina lathu n'kubwerera kwawo.

Mnyamata wa pa Njuli kapena pa Namadzi akamatsegula pafoni tsamba lothera ndi .mw, amangoti zinakhala choncho chikhalire. Ine ndikuti ife alembi tizilembanso mbiri ya anthu otere, pakuti womwa madzi ayenera kudziwa amene anakumba chitsime.