Land Rover: Galimoto Yobadwa Chitsulo Chitasowa

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, chitsulo chinkasowa ku Britain. Maurice Wilks, katswiri wa kampani ya Rover, ankagwiritsa ntchito Jeep yakale ya asilikali pamunda wake ku Anglesey, ndipo anaganiza zopangira alimi galimoto yofanana nayo. Thupi lake analipanga ndi aluminiyamu, ndipo mu 1948 Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam.

Kusowa kwa chitsuloko kunasanduka mwayi, pakuti aluminiyamu sachita dzimbiri. Galimotoyi inafala m'maiko amene Britain inkalamulira, kuphatikizapo Nyasaland, kumene inkanyamula apolisi ndi akuluakulu a boma m'misewu yamatope.

Eni ake amaiyamikira chifukwa makaniko wa kumudzi amatha kuikonza ndi masipanala chabe. Koma amadziwanso kuti imakonda kudontha oilo, komanso kuti thupi lake linakhazikidwa pa mafupa achitsulo amene dzimbiri limawadya mwakachetechete.

Mtundu wakalewu, umene unadzatchedwa Defender, unasiya kupangidwa mu Januwale 2016, choncho yopezeka lero ndi yoyendapo kale. Wofuna kuigula akumbukire kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: asanapereke ndalama, ayambe wagwada n'kusuzumira kunsi.